Dziko la Poland silidabe penshoni mu 2014, lidangoleka kukongola ndalama zoti lizisunga

Pa 3 February 2014 makampani osunga ndalama za penshoni ku Poland, omwe kumeneko amawatchula mwachidule kuti OFE, adapereka 51.5 peresenti ya chuma chonse chomwe ankasungira anthu ku ZUS, bungwe la boma lomwe limatolera zosonkha ndi kulipira opuma pa ntchito. Chumacho chidali cha pafupifupi 153 biliyoni zloty, ndipo chochuluka chidali mabondi, zikalata zomwe boma limapereka likakongola ndalama. Boma lidafafaniza zikalatazo, n'kulemba pa akaunti ya munthu aliyense ku ZUS ndalama zofanana ndi zomwe zidachotsedwa. Mpaka lero akatswiri a zachuma sadamvane pa nkhaniyi. Ena, monga Leszek Balcerowicz yemwe adatsogolera kusintha kwa chuma cha dzikolo litangochoka mu chikomyunizimu, adatsutsa kwa mtu wa galu, ndipo kwa anthu ambiri zomwe zidachitikazo n'kuba basi. Mkanganowu umadzukanso dziko lina la m'chigawo cha pakati ndi kum'mawa kwa Ulaya likangokhudza matumba a penshoni otere, monga zidachitikira ku Estonia mu 2021. Maganizo anga ndi akuti boma la Poland lidachita bwino kuchepetsa ma OFE, ngakhale kuti zolinga zake sizidali zoyera zonse. Yemwe akufuna kudziwa chomwe chidzasaukitse nkhalamba za ku Poland ayang'ane kwina, pa zaka zomwe anthu akugwira ntchito yosonkhetsa penshoni ndi pa msinkhu womwe akupumira.

Kuti timvane, tiyambire kumene vuto lidayambira. Mu ulamuliro wa chikomyunizimu pafupifupi munthu wamkulu aliyense ankalembedwa ntchito ndi boma kapena kampani ya boma, ndipo penshoni za okalamba zinkalipiridwa ndi zomwe ogwira ntchito a nthawi yomweyo ankasonkha. Mafakitale atayamba kutsekedwa 1989 itadutsa, maboma adaona kuti n'kwapafupi kumupumitsa munthu wa zaka 55 kusiyana n'kumusiya akhale lova woti mawa akayende pa zionetsero. Anthu miyandamiyanda adatulukira pa khomo la penshoni yofulumira kapena la penshoni ya ulumali. Osonkha adachepa, olandira adachuluka, ndipo pofika pakati pa zaka za m'ma 1990 penshoni za mitundu yonse zinkadya pafupifupi 15 peresenti ya chuma chomwe Poland inkapanga pa chaka. Dziwani apa kuti anthu sadakalambe usiku umodzi. Chidaphwasuka ndi msika wa ntchito. Komabe mankhwala omwe adabwera adali a matenda ena. Mu 1994 World Bank idatulutsa lipoti la Averting the Old Age Crisis, lomwe, potengera zomwe Chile idachita mu 1981, lidalimbikitsa kuti gawo la zosonkha lizipita ku maakaunti a munthu payekha osungidwa ndi makampani. Hungary ndi Kazakhstan adalowa mu 1998, Poland mu 1999, Latvia mu 2001, Estonia, Croatia ndi Bulgaria mu 2002, Slovakia mu 2005, Romania mu 2008. Czech Republic ndi Slovenia adakana pa nthawiyo.

Dongosolo la Poland la 1999 lidali lotere. Pa malipiro a munthu pamachotsedwa 19.52 peresenti ya penshoni ya ukalamba, theka amalipira wolembedwa, theka wolemba ntchito. Pa ndalamayi, 12.22 peresenti inkatsala ku ZUS, ndipo 7.3 peresenti inkapita ku OFE. Obadwa 1968 itadutsa adalowetsedwa mokakamiza, obadwa pakati pa 1949 ndi 1968 adapatsidwa mwayi wosankha, ndipo akuluakulu kuposa pamenepo adatsala m'dongosolo lakale. Tiyerekeze munthu wolandira 5,000 zloty pa mwezi. Zosonkha zake ndi 976 zloty, mwa izo 611 zikupita ku ZUS, 365 ku kampani.

Tsono phata la nkhani yonse lili pa 365 zloty imeneyi. Isadapatutsidwe, ndalamayi inkalowa ku ZUS mwezi uno n'kutuluka mwezi womwewo kukalipira agogo omwe adapuma kale. Itapatutsidwa, agogowo sadachoke, ndipo penshoni yawo sidachepe. Ku ZUS kudatsala bowo la ndalama zoposa 1 peresenti ya chuma cha dziko chaka ndi chaka. Bowo lotere lili ndi njira zitatu zokha zolitsekera: kukweza misonkho, kudula zina zomwe boma limagula, kapena kukongola. Okonza dongosololi ankayembekezera kuti ndalama zogulitsa makampani a boma zitseka mbali yaikulu, koma kampani imagulitsidwa kamodzi pomwe bowo limabwera chaka chilichonse kwa zaka makumi angapo. Misonkho palibe yemwe adafuna kuikweza. Chidatsala ndi ngongole. Boma linkagulitsa mabondi kuti lipeze ndalama zopatsa ZUS, ndipo mmodzi mwa ogula akuluakulu a mabondiwo adali ma OFE omwewo, chifukwa lamulo linkawaletsa kuika zoposa 40 peresenti m'masheya ndi zoposa 5 peresenti kunja kwa dziko. Ndalama inkachoka ku ZUS, n'kupita ku kampani, n'kubwerera ku boma ngati ngongole, n'kukafikanso ku ZUS, ndipo pa ulendo wonsewu kampani inkatapapo yake. Zili ngati munthu wokongola ndalama ku banki m'khonde kuti akagule masheya ku gulu lomwelo, uku akulipira mnzake woti azimunyamulira ndalamazo kuchoka dzanja ili kupita dzanja ilo. M'buku amaoneka wosunga, koma m'nyumba mwake simudalowe kanthu katsopano.

Kwathu kuno nkhani ya bowoli si yachilendo kwenikweni. Lamulo la penshoni lomwe lidayamba kugwira ntchito ku Malawi mu 2011, loti wolemba ntchito azisonkha 10 peresenti ndipo wolembedwa 5 peresenti, silidaboole kanthu ku makampani, chifukwa kudalibe thumba la boma lomwe ndalamazo zinkapitako kale. Koma boma litasamutsira ogwira ntchito ake achinyamata ku dongosolo losonkha mu 2017, lidasenza katundu yemweyo wa Poland: kulipira opuma akale kuchokera mu bajeti, uku likusonkheranso atsopano.

Otsutsa ali ndi mfundo zawo, ndipo si zachibwana. Yoyamba ndi yakuti ndalama za ku OFE zidali za eni ake, zolembedwa m'dzina la munthu, zoti akamwalira zipite kwa mkazi kapena ana, pomwe za ku ZUS ndi lonjezo chabe lolembedwa mu kompyuta. Kuchotsa chuma chenicheni n'kupereka lonjezo, iwo akutero, ndiko kuba. Mfundoyi imamveka bwino mpaka munthu atafunsa kuti chuma chenichenicho chidali chiyani. Bondi ya boma ndi lonjezo la boma la Poland loti lidzalipira kuchokera ku misonkho ya m'tsogolo. Akaunti ya ku ZUS ndi lonjezo la boma lomwelo loti lidzalipira kuchokera ku zosonkha ndi misonkho ya m'tsogolo. Wolipira ndi mmodzi, mwana yemwe lero ali ku pulayimale ku Kraków. Kuwonjezera apo, mwini akaunti ya OFE sankatha kutapa ndalamazo kuti amangire nyumba kapena kukana kusonkha. Khoti lalikulu la dzikolo lidagamula kale mu 2008 kuti zosonkhazi ndi ndalama za boma, ndipo khoti loona za malamulo oyendetsera dziko lidavomereza kusamutsaku mu November 2015. Ndalama zosamutsidwazo zidalembedwanso pa akaunti yapadera ku ZUS yomwe achibale amatha kulandira mwini akamwalira, ndipo imakula molingana ndi momwe chuma cha dziko chakulira m'zaka zisanu zapitazo, osatsika ngakhale chaka chitavuta. Pali kusiyana kumodzi komwe ndikukuvomereza: boma likakana kulipira bondi, misika ya dziko lonse imalilanga tsiku lomwelo, pomwe kasinthidwe ka mawerengedwe a ku ZUS kangathe kudutsa ku nyumba ya malamulo mwakachetechete. Chitetezo chimenechi n'chenicheni, koma mtengo wake udali waukulu kwambiri, monga tionere posachedwa.

Mfundo yachiwiri ndi ya ukalamba. Amayi a ku Poland akubereka ana ochepa kwambiri, anthu akukhala zaka zambiri, ndiye dongosolo lodalira kuti achinyamata azilipira okalamba lidzagwa, pomwe yemwe adadzisungira yekha sadzadalira mwana wa mwini. Apa akatswiri monga Nicholas Barr ndi Peter Diamond adayankha kalekale, ndipo Peter Orszag ndi Joseph Stiglitz adatsutsanso zikhulupiriro zotere mu 1999, chaka chomwecho Poland inkayamba. Munthu wopuma sadya zikalata. Amadya buledi wophikidwa chaka chomwecho, amaonedwa ndi namwino yemwe ali pa ntchito tsiku lomwelo. Ngati ogwira ntchito achepa ndipo zomwe akupanga sizidachuluke, opuma ambiri ogulitsa masheya kwa achinyamata ochepa adzapeza mitengo itagwa, kapena adzapeza ndalama zawo zikugula zochepa. Kusunga kumathandiza pokhapokha ngati kwawonjezera makina, misewu ndi luso m'dziko, kapena ngati ndalamazo zaikidwa m'mayiko omwe anthu ake akadali achinyamata. Ku Poland njira yoyamba idatsekedwa ndi ngongole ija, chifukwa zomwe anthu ankasunga boma linkazikongola, ndipo yachiwiri idatsekedwa ndi malire a 5 peresenti. Chomwe chidatetezadi dongosolo la Poland ku ukalamba ndi mbali ina ya kusintha kwa 1999 yomwe anthu saikamba kawirikawiri: ku ZUS komweko penshoni idayamba kuwerengedwa pogawa zonse zomwe munthu adasonkha ndi miyezi yomwe anthu a msinkhu wake akuyembekezeka kukhala ndi moyo. Anthu akamakhalitsa, penshoni ya pa mwezi imatsika yokha. Mbali imeneyi sidakhudzidwe mu 2014.

Mfundo yachitatu ndi ya phindu, yakuti msika umabereka kuposa boma. Zaka zina zinkaterodi, ndipo zina, monga 2008, matumbawa adataya zoposa 10 peresenti. Koma kuyerekeza kolondola kuyenera kuchotsa zinthu ziwiri. Choyamba ndi chiwongola dzanja cha mabondi, chomwe kwa mwini akaunti ndi phindu koma kwa munthu yemweyo ngati wokhoma msonkho ndi ngongole. Chachiwiri ndi zomwe makampani ankadula. M'zaka zoyambirira ena ankatenga pafupifupi 10 peresenti ya ndalama iliyonse yolowa isadagwire ntchito n'komwe. Lamulo lidaika malire a 7 peresenti mu 2004, kenako 3.5 mu 2010, kenako 1.75 mu 2014, ndipo kutsika konseku kudabwera ndi lamulo, osati mpikisano. Pa 365 zloty ija, 7 peresenti ndi 25 zloty ndi kakusintha mwezi uliwonse, ndiye pamwamba pake padalinso ndalama yodulidwa pa chuma chonse chosungidwa. Yachiwiriyi ndiyo imapweteka mosaoneka, chifukwa, mwachitsanzo, 1 peresenti yodulidwa chaka ndi chaka kwa zaka 40 imadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a zomwe munthu akadapeza. Mbali ya ndalamazi inkathera kwa anthu oyenda m'makomo ndi m'maofesi kunyengerera mamembala kuti achoke ku kampani iyi apite ku iyo, pomwe makampani onsewo ankagula zinthu zofanana poopa kutsalira m'mbuyo mwa anzawo. Malonda oterewa adaletsedwa mu 2012. Kulipira katswiri kuti akusankhire masheya n'komveka. Kumulipira kuti akugulire bondi ya boma lako lomwe, ayi.

Mfundo yachinayi ndiyo yolemera koposa, ndipo sindingaipeputse. Andale sadalirika, ndiye ndi bwino mbali ina ya ukalamba wa munthu ikhale kumene dzanja lawo silifika. Otsutsawa amatinso boma la Donald Tusk silidachite izi chifukwa chowerenga mabuku a Barr, koma chifukwa ngongole inkayandikira malire a 55 peresenti ya chuma cha dziko pomwe lamulo limakakamiza kudula bajeti, ndipo malamulo oyendetsera dziko amaletsa kudutsa 60. Izi n'zoona. Jacek Rostowski, yemwe adali nduna ya zachuma mpaka kumapeto kwa 2013, ankafuna kuti bajeti ipeze mpweya, ndipo kutsitsa gawo la OFE kufika pa 2.3 peresenti mu 2011, kenako kusamutsa kwa 2014, kudaupereka. N'zoonanso kuti mpira udaseweredwa pa bwalo lopendekeka: yemwe ankafuna kupitiriza ndi OFE adayenera kulemba kalata pakati pa April ndi July 2014, wokhala chete ankapita ku ZUS, makampani adaletsedwa kutsatsa pa nthawiyo, ndipo adalemba ndi anthu pafupifupi 2.5 miliyoni okha, osakwana mmodzi mwa asanu aliwonse. Komabe cholinga choipa sichisandutsa masamu olondola kukhala olakwa. Ndipo mbiri ya chigawochi yaonetsa kuti mpanda woteteza ndalamazi kwa andale udali wa udzu. Latvia idatsitsa gawo lake kuchoka pa 8 kufika pa 2 peresenti mu 2009, Slovakia kuchoka pa 9 kufika pa 4 mu 2012, Kazakhstan idaphatikiza matumba onse kukhala limodzi la boma mu 2013, Russia idaimitsa zosonkha zotere kuyambira 2014, ndipo Czech Republic, yomwe idalowa mochedwa mu 2013, idatseka mu 2016. Dongosolo lomwe limafuna kuti maboma khumi otsatizana azikongola kapena kukweza misonkho kwa zaka 40 popanda mmodzi wotopa silili kunja kwa ndale. Likudalira ndale kuposa lina lililonse.

Tisasokonezenso Poland ndi Hungary. Kumapeto kwa 2010 boma la Viktor Orbán lidauza anthu kuti yemwe atsale ku makampani sadzapezanso ufulu wa penshoni ya boma pa zaka zotsatira, ngakhale womulemba ntchito azipitiriza kusonkha. Pafupifupi 97 peresenti adabwerera ku boma, chuma cha pafupifupi 3 thililiyoni forint chidatengedwa, masheya ndi zonse, ndipo mbali ina idalowa mu bajeti ya tsiku ndi tsiku. Kumeneko kudali kuopseza, ndipo sindikuikira kumbuyo. Poland idatenga mabondi, n'kusiya masheya, n'kulemba khobidi lililonse m'dzina la mwini wake.

Za mfundo yakuti ma OFE adakulitsa msika wa masheya wa ku Warsaw, ndikuvomera, adaukulitsadi, ndipo msikawo udazizira 2014 itadutsa. Koma penshoni ya woyendetsa basi ku Łódź sidakhazikitsidwe kuti izitukula msika wa masheya.

Tsono tibwerere kumene ndidati tiyang'ane. M'dongosolo lomwe penshoni imatsata ndendende zomwe munthu adasonkha, mwezi uliwonse wosasonkha ndi bala losapola, kaya ndalamazo zikusungidwa ku kampani kapena ku ZUS. Ulova ku Poland udafika pa 20 peresenti cha m'ma 2002 ndi 2003, m'zaka zoyambirira zenizeni za dongosololi, pomwe ndalama yosonkhedwa ikadakhala ndi nthawi yaitali yobereka. Dzikolo litalowa mu European Union mu 2004, achinyamata ankhaninkhani adapita ku Britain ndi Ireland, n'kumakasonkha kumeneko. Ambiri mwa otsala adalembedwa pa makontrakiti okhala ngati a ganyu, omwe eni ake amawatcha a zinyalala. Pa mtundu wina, wotchedwa umowa o dzieło, sipachotsedwa kanthu ka penshoni, ndipo pa wina olemba ntchito ankagawa malipiro m'makontrakiti angapo kuti asonkhe pa laling'ono lokha. Odzilemba okha ntchito ambiri amasonkha pa mlingo wotsikitsitsa womwe lamulo limalola. Alimi ali ndi bungwe lawo la KRUS lomwe limadalira kwambiri bajeti, ndipo apolisi, asilikali ndi a m'migodi ali ndi malamulo awo. Kuti munthu alandire ngakhale penshoni yotsikitsitsa yomwe boma limatsimikizira, mkazi afunika zaka 20 zowerengedwa ndipo mwamuna 25. Wometa tsitsi yemwe wakhala zaka khumi pa makontrakiti osasonkhetsa alibe nazo ntchito zoti 7.3 peresenti ipite kuti, chifukwa 7.3 peresenti ya ziro ndi ziro.

Chifukwa chake, ngati pali chisankho choyenera kuchitcha chowononga, ndi cha 2017. Mu 2012 boma la Tusk lidakhazikitsa lamulo lokweza msinkhu wopumira pang'onopang'ono kufika pa zaka 67, amuna pofika 2020, akazi pofika 2040. Andrzej Duda, yemwe ankapikisana pa upulezidenti, ndi chipani cha PiS adalonjeza pa kampeni kuti adzabweza, ndipo kuyambira pa 1 October 2017 akazi akupumanso ali ndi zaka 60, amuna 65. Anthu adasangalala, koma taonani masamu ake. Munthu wa zaka 60 amagawiridwa ndalama zake ndi miyezi pafupifupi 260, wa zaka 65 ndi miyezi pafupifupi 220. Tiyerekeze mayi yemwe pa akaunti yake pali 400,000 zloty. Akapuma pa 60 azilandira cha m'ma 1,540 pa mwezi. Akagwira zaka zina zisanu pa malipiro a 5,000 aja, amawonjezera pafupifupi 58,000 za zosonkha zokha, osawerengera kukula kwa akauntiyo, ndipo 458,000 yogawidwa ndi 220 ikupereka 2,080. Kusiyana kwa zaka zisanu kukudula kotala ya penshoni yake kwa moyo wonse, ndipo akazi ndiwo amalandira malipiro ochepa, amadukiza ntchito polera ana, komanso amakhalitsa. Palibe phindu la OFE lomwe likadabwezera zimenezi. Oikira kumbuyo lamuloli amati palibe yemwe akukakamizidwa kupuma, ndipo n'zoona, koma ambiri amapuma akangofika pa msinkhuwo, ena chifukwa abwana awapatsa diso, ena chifukwa kunyumba kuli mdzukulu kapena kholo lodwala. Mawerengedwe a OECD, bungwe loona za chuma la mayiko otukuka, amaika Poland pa gulu la mayiko omwe achinyamata a lero adzalandire penshoni yochepetsetsa poyerekeza ndi malipiro awo, cha m'ma gawo limodzi mwa magawo atatu. Penshoni ya mwezi wa 13 yomwe idayamba mu 2019, ndi ya 14 yomwe idatsatira, zikuchokera mu bajeti ndipo sizisintha kanthu pa masamuwa.

Amene amati kuvomereza za 2014 ndiko kudana ndi kusunga ndalama aone dongosolo losungira ndalama za ukalamba kudzera ku ntchito, lotchedwa PPK, lomwe Poland idayamba mu 2019. Wolembedwa amaika 2 peresenti, wolemba ntchito 1.5, boma limawonjezera 250 zloty polowa ndi 240 chaka chilichonse. Ndalamazi n'zatsopano, sizichotsedwa ku ZUS, ndiye siziboola bowo loti litsekedwe ndi ngongole. Zodula za makampani zili ndi malire otsika kuyambira pachiyambi, ndipo mwini amatha kuzitapa nthawi isadakwane, ngakhale amatayapo zina. Munthu amalowetsedwa osafunsidwa, amatha kutuluka, ndipo zaka zinayi zilizonse amalowetsedwanso. Umu ndi momwe zikadayenera kuyambira mu 1999. Chovuta n'chakuti ambiri, pokumbukira za OFE, adatuluka, moti omwe ali m'kati ndi cha m'ma theka la oyenera, ndipo mlandu wa kusakhulupirira kumeneku uli pa maboma onse awiri, lomwe lidalonjeza zosatheka mu 1999 ndi lomwe lidabweza popanda kufotokoza bwino mu 2014. Wometa tsitsi wa pa umowa o dzieło uja, PPK nayonso simufikira.